Wodziwa Afunsiranji?

Munthu amene adayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Tete, nafika pa Mwanza m'nyengo ya chisanu pamene manachesi apsa ndipo aunjikidwa milumilu m'mbali mwa msewu, ngati ali nalo khutu lomvera zonena za anthu, adzazindikira kuti pamalo amodzi omwewo pafunsidwa mafunso a mitundu iwiri yosiyana kutalitali, ngakhale onsewo ayamba ndi "kodi" yemweyo. Kuchipata cha malire, kumene malole opita ku Zobue, ku Harare ndi ku Johannesburg andandalika kudikira mapepala, mkulu wa boma akati, "Kodi mukupita kuti, ndipo mwanyamula chiyani?" afunsa chifukwa sadziwa, ndipo woyendetsa galimoto amene angayese kuyankha mwanthabwala adzagona pomwepo. Koma kamtunda pang'ono kuchokera pachipatapo, wapaulendo aima pamaso pa mayi amene wakhala kuseri kwa mulu wa zipatso, nati, "Kodi mukugulitsa manachesi, mayi?" Maso ali nawo, fungo la zipatsozo lamfika kale m'mphuno, komabe mayiyo sadabwa, ayankha mwaulemu kuti, "Eee, tikugulitsa, bambo." Mtengo ukatchulidwa, wogula napereka theka lake, mayi aja adzati, "Kodi mukuyesa ndatola?" ndipo wogula adzati, "Nanga m'katimo muli golide?" Pa mafunso atatu awa palibe ndi limodzi lomwe limene liphunzitsa wofunsayo kanthu kamene sakadziwa, koma malonda atheka, onse awiri aseka, nasiyana ali pa ubwenzi.

Chinthu ichi, ngakhale chioneka chaching'ono, chili ndi mfundo yolimba m'kati mwake. Makolo athu adatamanda funso la munthu wosadziwa pamene adati kufunsa ndi kudziwa njira, nachenjeza kuti safunsa adadya phula. Ndipo pamenepo palibe wotsutsa, pakuti wosadziwa akafunsa aonetsa kudzichepetsa kwake. Koma nanga wodziwa kale afunsiranji? Kodi sachita chinyengo podzionetsa mbuli, pamene yankho lili chikhalire mumtima mwake? Mkhristu wa chikumbumtima chofewa, amene adamva kuti pa tsiku la chiweruzo tidzawerengeredwa mawu athu onse opanda pake, akhoza kuda nkhawa ndi pakamwa pathu pamene padzaza mafunso otere kuyambira mbandakucha kufikira usiku. Ndipo nkhawa yake idzakula akatsegula mutu wachitatu wa Genesis, pakuti funso loyamba lolembedwa m'Malembo lidachokera kwa njoka, imene idadziwa bwino lomwe chimene Mulungu adalamula za mitengo ya m'munda. Ndipo lotsatira lake lidachokera kwa Mulungu mwini, amene adadziwa bwino lomwe kumene Adamu adabisala. Chida chimodzi, m'mutu umodzi, chipezeka m'kamwa mwa wonyenga ndi m'kamwa mwa Woyera. Tsono nkhaniyi si ya ana.

Tiyambe ndi zapansi zimene tizidziwa, tisanakwere kunka ku zakumwamba. Munthu akamadutsa pamunda pa mnzake kwa Nthache kapena ku Kunenekude, nampeza ali chiweramire ndi khasu, sanena kuti, "Ndaona kuti mukulima," pakuti mawu amenewo atha okha ndipo sasiyira mnzakeyo malo, koma afunsa kuti, "Mukulima?" ndipo wolimayo aweramuka, napumako pang'ono, nati, "Eee, tikukandakanda." Chimene chafunsidwa pamenepo si za munda ayi. Wodutsayo wanena kuti, ndakuonani, ndinu munthu, ndipo sindingakupitirireni chete monga achitira wakuba. Ndipo wazinena mwa njira yoti mnzakeyo atsegule pakamwa, kuti mawuwo akhale a anthu awiri. Akale adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo ngakhale mwambiwo uphunzitsa ubwino wokhala ndi mnzako pa ulendo, ine ndiona kuti uyendanso chobwerera: kumene kwamveka funso, kumeneko anthu asanduka awiri, ngakhale poyamba aliyense anali yekha ndi maganizo ake.

Motero mlandu wa chinyengo ugwa msanga. Bodza lifuna kuti wakumva akhulupirire chimene palibe. Koma wolima uja sanamizidwa, pakuti adziwa kuti mnzakeyo aona, ndipo mnzakeyo adziwa kuti iye adziwa. Augustine wa ku Hippo, mphunzitsi wa Mpingo wa kumpoto kwa Africa, amene adadana ndi bodza kotero kuti sadalole ngakhale bodza lopulumutsa moyo wa munthu, polemba za nkhani ya kunama cha m'ma 395 adayamba ndi kupatula nthabwala pambali, popeza kamvekedwe ka mawu ndi mkhalidwe wa wonenayo zionetsa poyera kuti cholinga chonyenga palibe. Ngati munthu wouma mtima pa choonadi ngati ameneyo adatsegulira nthabwala khomo, ife tisalitseke.

Kuseka tsono kubwera pamene wina aswa dala pangano lobisika limene lili pansi pa funso lotere, ndilo pangano lakuti tonse awiri tidziwa, ndipo palibe adzachite ngati sadziwa. Mtsikana ali pamtsinje, manja ali thovu lokhalokha, msuweni wake nafika nati, "Ukuchapa?" Iye ayankha osacheuka n'komwe, "Iyayi, ndikukazinga chimanga, tenga udyeko." Onse a padooko aseka, wofunsayo nasekanso, chifukwa chisuweni chilola zimenezi, monga zilolekanso pakati pa alamu ndi pakati pa agogo ndi adzukulu awo. Koma yankho lomwelo litaperekedwa kwa apongozi, ankhoswe adzaitanidwa dzuwa lisanalowe, ndipo nkhuku idzafa. Chotero kuti mudziwe ubale wa anthu awiri, musafunse maina a mafuko awo. Mverani chabe ndani ali ndi ufulu woyankha funso losayenera kuyankhidwa. Amayi athu ndiwo akatswiri pa luso limeneli, ndipo aliyense wa ife adaleredwa nalo: "Kodi miyendo udabwereketsa?" "Makutuwo ndi okongoletsera mutu?" "Kodi ndiwo zija zidadzidya zokha mumphikamo?" Mwana amene ayankha ndi mtima woona kuti, "Iyayi amayi, miyendo ndili nayo," aphunzira tsiku lomwelo, mthiko uli pamsana, phunziro la chinenero limene palibe sukulu iliphunzitsa, ndilo kusiyanitsa funso lofuna pakamwa ndi funso lofuna miyendo.

Pabwalo la milandu ndi pamene chida ichi chionetsa mphamvu yake yonse. Tiyerekeze kuti kwa mfumu ina ya kwa Kanduku kwafika mlandu wa mbuzi, ndipo woimbidwa mlanduyo, chikopa chitapezeka kwake, alumbira kuti sadziwa kanthu. Nduna yochenjera siimirira kuti imtchule wakuba, pakuti liwu limenelo likatuluka msanga libala mlandu wina pamwamba pa woyamba, koma iwomba m'manja kwa mfumu, nitembenukira kwa anthu, nifunsa mofatsa kuti, "Kodi mbuziyi idadzimasula yokha pachikhomo, niyenda yokha usiku kukagogoda pakhomo pa mbale wathuyu, nivula yokha chikopa chake, nichiyanika padenga?" Bwalo lonse lifa nako kuseka, ndipo kusekako ndiko chigamulo, chifukwa khamu siliseka pamodzi pokhapokha onse aona chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mfumu ikamadzalankhula pambuyo pake ingotsimikiza chimene mudzi wagamula kale ndi mano. Ndipo taonani chifundo chobisika m'menemo: wolakwayo sadatukwanidwe ndi munthu, koma wasiyiridwa mpata woti anene yekha kuti, "Ndalakwa, makosana," ndipo mawa adzakhoza kukhala pa maliro mphasa imodzi ndi mwini mbuzi. Komatu olakwa nawonso adziwa kugwira chida chomwechi. Wangongole akakumana ndi mwini ndalama pamsika, asanafunsidwe n'komwe, athamangira kunena kuti, "Kodi ndathawa? Kodi ndafa?" ndipo mwini ndalama, amene sangakane kuti munthuyo alidi moyo ndipo alidi pomwepo, abwerera kwawo chimanjamanja, atagonja pa mtsutso umene sadauyambe.

Mtundu wathu udakonda mafunso otere kotero kuti udawasandutsa maina a ana. Alipo a Tinenenji, a Tichitenji, a Mumderanji, a Tiferanji, ndipo dzina lililonse lotere lili ndi mbiri kumbuyo kwake imene eni ake okha aidziwa. Banja limene laika ana angapo m'manda, kapena mayi amene anansi amdya miseche, sangapite pakhomo pa munthu kukamloza chala, pakuti umboni palibe, ndipo kutchula munthu mfiti ndi mlandu kuboma kuyambira pa lamulo la atsamunda la 1911. Koma mwana akabadwa apatsidwa dzina, ndipo madzulo alionse poitanidwa kuti adzadye nsima, funsolo limveka mudzi wonse, wolakwa nalimva, Namalenga nalimva, popanda woimba mlandu woitanayo. Ngakhale pa chisoni chotere kuseka sikusowa. Taganizani mwana wamanyazi ataimirira pamaso pa mphunzitsi watsopano, mphunzitsi nafunsa dzina lake, mwana nayankha ndi ulemu wonse kuti, "Tinenenji". Mphunzitsi, ngati ali wapamtima, ayesa kuti wapeza wamwano wa kalasi lonse, pamene mwanayo wangonena choona chokhachokha.

Pamene Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi a kuno, makolo athu adapeza kuti Ahebri anali anthu a pakamwa ponga pathu. Ana a Israele, ataona magaleta a Farao kumbuyo ndi nyanja kutsogolo, sadauze Mose kuti tagwidwa ndi mantha. Adamfunsa ngati manda adasowa ku Ejipito kuti awatulutse kukafera m'chipululu, ku Ejipito, dziko limene mafumu ake adathera chuma chawo pomanga manda! Davide atathawira kwa Akisi mfumu ya ku Gati, nadzisandutsa wamisala, dovu lili chuchuchu pandevu, Akisi adafunsa anyamata ake ngati iye adaperewera amisala kuti amuwonjezere wina m'nyumba. Ndipo aliyense amene adasungapo banja lalikulu amva kutopa kwa mfumu imeneyo. Sauli atauza Samueli kuti wachita zonse zimene Mulungu adalamula, mneneri sadamtsutse, adangofunsa za kulira kwa nkhosa ndi ng'ombe kumene kunali kumveka m'makutu mwake. Samueli ndi nduna yathu ya mlandu wa mbuzi ija akadakomana akadamvana popanda womasulira.

Tsono tibwerere m'munda wa Edeni, kumene kuli phata la nkhani. Njoka idafunsa chimene idachidziwa kuti ilowetse chikaiko mumtima wa mkazi, ndiye kuti idabisa cholinga chake, ndipo pangano lija lakuti tonse tidziwa panalibe; funso lake linali bodza lovala nsalu ya funso. Mulungu adafunsa chimene adachidziwa kuti atulutse munthu kumene adabisala, ndipo Adamu sadayese konse kuti Mlengi wa mitengo wasokonezeka ndi mitengo. Akadafuna akadamgwira pamkono namkoka. Koma adaitana ndi funso, chifukwa munthu wokokedwa atuluka thupi lokha, pamene munthu woyankha atuluka ndi mtima womwe. Ichi ndicho ndichiyesa chifukwa chachikulu chimene wodziwa afunsira: chilipo choonadi china chimene sichithandiza kanthu chikanenedwa ndi wina, koma chichiritsa chikatuluka pakamwa pa mwini wake. Patapita m'badwo umodzi Mulungu adafunsanso Kaini za kumene kunali mbale wake, ndipo Kaini, m'malo movomera, adakana kuti sadziwa, nabweza funso pa funso, kufunsa ngati iye adapatsidwa ntchito yosunga mbale wakeyo. Pali kuchenjera kowawa m'yankho limenelo, pakuti Abele anali woweta nkhosa, ndipo Kaini achita ngati afunsa kuti, kodi mbusa nayenso asowa womuweta? Nthabwala ilipo ndithu, koma palibe adaseka, chifukwa mwazi unali usanaume panthaka.

Chovuta chenicheni chili m'buku la Yobu, ndipo sindifuna kuchilambalala. Munthu wataya ana khumi tsiku limodzi, chuma chake chonse chapita, thupi lake ladzaza zilonda, ndipo abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, amtopetsa ndi kumuuza kuti ayenera kuti adachimwa. Iye apempha chinthu chimodzi, kuti Mulungu amuyankhe. Ndipo Mulungu akadza m'kamvulumvulu, kuyambira mutu 38 kufikira mutu 41, sabwera ndi yankho, abwera ndi mafunso ondondozana osapumira: za kumene Yobu anali pamene dziko lidakhazikitsidwa, za nkhokwe za matalala, za nyengo imene mbuzi zakuthengo ziswa, za njira ya kuunika ndi ya mdima, napitirira kumuseka kuti ayenera kuzidziwa zonsezi, popeza ndi wamkulu wa masiku ambiri. Pa mapeto amfunsa za chilombo cha m'madzi chimene ambiri achiyesa ng'ona, ngati angachikole ndi mbedza, kapena kuchimanga chingwe kuti ana ake aakazi azisewera nacho. Munthu wa m'mbali mwa Shire, amene adaonapo ng'ona itaothera dzuwa pamchenga, sangawerenge pamenepo osamwetulira. Koma kodi ndi chilungamo kuseka ndi munthu wofedwa? Wamkulu akachulutsa mafunso otere kwa wamng'ono amene sangathe kuyankha, ife tizitcha kupondereza, ndipo sitilakwa.

Ine ndiganiza kuti mfungulo ili pa ichi, chakuti adayamba masewerawa ndi Yobu. Iye ndiye adayamba kuponya mafunso kumwamba, kufunsa chifukwa chimene sadafere m'mimba, kufunsa ngati iye ndi nyanja kapena chinjoka cha m'nyanja kuti Mulungu amuikire alonda. Ndipo adafunsa molimba mtima kotero kuti abwenzi ake adanjenjemera. Mulungu tsono amuyankha m'chinenero chake chomwecho, monga achitira msuweni kwa msuweni, amene atukwanizana ndi kusekana chifukwa chomangira chawo n'cholimba kosatheka kuduka ndi mawu. Ndipo munthu sachita chisuweni ndi mlendo. Abwenzi atatu aja, amene adalankhula za Mulungu mwaulemu wonse ndi mayankho okonzeka, Mulungu sadawafunse funso ndi limodzi lomwe. Adangowauza kuti sadanene zoona za Iye monga adanenera Yobu, nawatuma kwa Yobu yemweyo kuti akawapempherere. Wofunsidwa ndiye adalemekezedwa. Sindinena kuti ichi chipukuta misozi ya ana khumi, ndipo bukulo silinena chotero. Koma chitionetsa kuti mayi amene alira pa maliro kufunsa wakufa kuti ana awa wawasiyira yani, kapena atcha mwana wake Tiferanji, sachita mwano pamaso pa Chauta, ndipo akulu a mpingo asathamangire kumtontholetsa.

Buku la Yona litha ndi funso, Mulungu afunsa mneneri wokwiya chifukwa cha msatsi wofota ngati sikuyenera kuti Iye achitire chifundo Nineve, mzinda wa anthu oposa 120,000 ndi ziweto zambiri. Ndipo yankho la Yona silidalembedwe, kuti wowerenga aliyense alipereke yekha. Ambuye Yesu nawo adaphunzitsa motero, ndipo ndikhulupirira kuti makamu a ku Galileya adaseka pomva za munthu woyang'anitsitsa kachitsotso m'diso la mnzake, mtengo wathunthu uli m'diso lake. Alaliki athu adalandira mwambo umenewu kuchokera mbali ziwiri, kwa makolo ndi ku Malembo. Ndipo Ernst Wendland, amene adathandiza pa kumasulira Buku Loyera la 1998, adalemba buku lathunthu losanthula maulaliki a Chichewa a mlaliki Shadrack Wame, lotuluka mu 2000, poona kuti luso la pakamwa la mlaliki wa kuno liyenera kuphunziridwa. Ndingochenjeza alaliki achinyamata kuti funso lakuti "Ndikunama kodi?" likabwera kawirikawiri mu ulaliki umodzi, tsiku lina padzapezeka nkhalamba yoona mtima imene idzayankha.

Koma chida chabwino chili ndi njira zake zoipira, ndipo yoyamba taiona kale mwa Kaini, ndiyo kufunsa kuti uthawe. Ina ndiyo ya wamphamvu amene afunsa kuti atseke pakamwa pa wofooka: "Kodi ukundidziwa ine?" "Ndiwe yani iwe?" Pamenepo aseka ndi mmodzi yekha, ndipo kuseka kwa munthu mmodzi pakati pa anthu ozizidwa ndi mantha ndi chizindikiro chakuti pangano lija lafa. Amphamvu akonda kufunsa, koma kufunsidwa sakondwa nako. Socrates wa ku Athens, amene adayenda m'misika kufunsa akuluakulu za chilungamo ndi za kulimba mtima kufikira umbuli wawo udaonekera pamaso pa anyamata oseka, adamwetsedwa chiphe m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe. Koma njira imene ndiiopa koposa ndi ya Pilato, amene adafunsa Yesu za chimene choonadi chili, natuluka osadikira. Limenelo linali funso lenileni, loyenera yankho, ndipo woyankha anali chiimire pamaso pake. Koma iye adalisandutsa funso la mphwayi, lotanthauza kuti zimenezo palibe angazidziwe. Ife tili nalo lathu lotere, ndipo timalinena tsiku ndi tsiku mankhwala akasowa, mlatho ukagumuka, wamasiye akalandidwa katundu: "Nanga n'kutani?" Kawirikawiri chochita chilipo, ndipo wofunsayo achidziwa, angofuna kuti mnzake amvomereze kuti palibe.

Anthu a Mwanza adziwa kulemera kwa zimenezi koposa ena, chifukwa dzina la boma lawo lidamamatira ku mlandu umene sadaupalamule. Mu Meyi 1983 nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, adapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani, ndipo dziko lidauzidwa kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Aliyense wanzeru adakhoza kudzifunsa mumtima kuti, ndi ngozi yanji imene isonkhanitsa akuluakulu anayi m'galimoto imodzi, pa msewu wa kumudzi wa kufupi ndi malire, nisiya maliro awo opanda ulemu woyenera nduna? Koma masiku amenewo ngakhale funso losafuna yankho likadamtengera munthu kundende ya Mikuyu, ndipo wofunsidwa ndi mnzake adali ndi pothawira pamodzi pokha, ndipo ndi pa funso linanso: "Kodi ife tinaliko?" Sindiwaweruza amene adayankha chotero, pakuti adali ndi ana oti alere, ndingoti mawu amene pakati pa asuweni akadabala kuseka, m'zaka zimenezo adasanduka chobisalira cha mtundu wonse.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi, mu 1994, boma latsopano la a Bakili Muluzi lidakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo mboni zidaitanidwa imodziimodzi kudzafunsidwa za chimene dziko lonse lidachidziwa kale m'manong'onong'o. Wina akadati kumeneko kunali kutaya nthawi, popeza panalibe munthu wamkulu m'Malawi amene adakhulupirirabe za ngozi. Koma kunali kufunsa kwa mtundu uja wa m'munda wa Edeni, kufunsa kwa wodziwa, kuti chobisika chituluke pakamwa pa amene adachiona ndi amene adachichita, nichilembedwe, nichimveke kwa akazi amasiye ndi ana awo masana poyera. Lipoti lake, lotuluka mu Januwale 1995, lidanena kuti anthu anayi aja adaphedwa ndi apolisi, ndi kuti ngoziyo idachita kukonzedwa. Chaka chomwecho Dr Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu ku bwalo lalikulu, ndipo mu Disembala 1995 adamasulidwa, osapezeka olakwa. Chotero za mmene adafera tidayankhidwa. Koma za amene adatuma apolisiwo, bwalo silidapeze munthu wolakwa. Limenelo si funso la malonje, kapena la chisuweni, kapena loti tiliyankhe ndi "nanga n'kutani". Ndi la mtundu wa pachipata cha malire, lofunsidwa chifukwa chofuna yankho, ndipo ana a anthu anayi aja ali ndi ufulu wonse wolifunsabe.